Firiji ya kamera ikuwerenga chakudya kapena ikulondera anti?

Loweruka lapitali ndinali pa bridal shower ku Area 43. Mayi wina anatulutsa foni n'kutionetsa mkati mwa firiji yake ili kunyumba: mazira, mkaka, theka la nkhuku, zonse poyera. Anthu anaomba m'manja. Kenaka anati, "Pano anti sangandinamizenso kuti mazira atha." Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma mpaka lero mawuwo sakundichoka m'mutu.

Kunja mafiriji amenewa si achilendo. Samsung inatulutsa yake yotchedwa Family Hub mu 2016. Ili ndi sikirini pachitseko ndi makamera mkati, amene amajambula mukangotseka chitseko. Akuti mukakhala mu shopu muziona zimene zatsala kuti musagule kawiri. Kwa munthu wa ku Seoul kapena London, amene chakudya chake chimabwera m'mapaketi, mwina zimathandizadi.

Nanga ife kuno timadya chiyani, asisi? Ufa uli m'ndowa. Nyemba, mpunga wa Kilombero, usipa, bonya, anyezi, mafuta ophikira, zonsezi firiji siziiona n'komwe. Nkhwani ndi tomato wapamulu timagula kumsika wa ku Old Town kapena kwa amayi oyenda ndi beseni pamutu, n'kuphika tsiku lomwelo. Zotsala timasunga m'kontena ya Blue Band. Kamera idzakuuzani kuti muli ndi Blue Band zitatu, pamene imodzi muli nyemba za dzulo, ina muli thelere.

Za magetsi ndiye musanene. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinkakhala mumdima maola ambirimbiri. Firiji yopanda magetsi ndi WiFi ndi kabati basi.

Amene amadziwadi chimene chatsala m'nyumba ndi mayi wapakhomo, ndipo m'nyumba zambiri za ku Area 10, 12, 43 ndi 47, ndi anti. Iwo amene amadzuka kusanache ku Kauma, Senti kapena Mtandire, n'kuyenda wapansi kudzatiphikira. Amadziwa kuti shuga safika Lachinayi, kuti nyama ija ikufunika iphikidwe lero, kuti gasi wapepuka. Palibe amene anawaombera m'manja pa zimenezi.

Ndiye tikaika kamera, ikuwathandiza chiyani? Chithunzi chimangoonetsa kuti m'mawa mazira anali 12, madzulo ali 9. Sichinena kuti mwana anakazinga awiri pochokera kusukulu, kapena kuti abwana anamwa mkaka usiku. Mlandu umagwera amene alibe mawu, ndipo mwezi ukatha mumamva kuti awadula malipiro. Ena mwa ife timalankhula bwino za ufulu wa amayi m'mahotela a ku City Centre, koma kunyumba munthu wagwira ntchito kuyambira 6 koloko m'mawa osalawa kanthu, eti tikuopa kuti atibera dzira.

Kwathu tinamata pepala pachitseko cha firiji, cholembera chili pachingwe. Amene wamaliza chinthu amalemba. Sabata yoyamba analemba amayi ndi anti okha. Yachiwiri tinagwirizana kuti chosalembedwa sichigulidwa, ndipo achimwene anga, atamwa tiyi wopanda mkaka masiku awiri, cholembera chija anachipeza.