Ndemanga: Nkhope Zosaphimba pa Njira Zafumbi

 

Aliyense amene amalawira mbandakucha mu Area 3 muno mu Lilongwe, naima pamene msewu wochokera ku Likuni ulowera mumzinda, adziwa kuti dzuwa lisanatuluke, eni nyumba asanatsegule zipata za mipanda yawo, pamsewupo pamakhala patadutsa kale khamu la njinga zamoto: zina zitanyamula amayi ndi madengu a ndiwo zamasamba, zina matumba a makala ochokera kunkhalango ya Dzalanyama, zinanso anyamata ndi atsikana amene amasesa, kuphika ndi kuthirira maluwa m'nyumba za kuno kumayadi. Ife timaziona njingazi zitafika patala, pamene ulendo wake watsala pang'ono kutha, ndipo tikamanena za ngozi za kabaza timanena za patalapo. Koma mtunda waukulu zimauyenda kumene tala kulibe, m'tinjira ta ku Chinsapo, ku Chigwirizano ndi kumidzi ya ku Malingunde, monganso zichitira zochokera ku Mtandire kulowa mu Area 47 ndi zochokera ku Kauma kulowa mu Area 12. Kumeneko wapolisi saimako kawirikawiri, chikwangwani chochenjeza n'chosowa, ndipo munthu akagwa amadzutsidwa ndi anansi, magazi nafufutidwa ndi chitenje, nkhaniyo n'kuthera pomwepo osalembedwa m'buku lililonse.

Kagwedwe ka panjira yafumbi kali ndi mkhalidwe wakewake. M'chilimwe tayala lakutsogolo limatitimira mumchenga. M'dzinja limalowa m'ngalande imene madzi a mvula adakumba usiku, kapena kugunda chitsa chobisika m'udzu. Njinga imaima pomwepo, koma munthu saima, ndipo popeza manja ake ali pamahandulo, chimene chimayamba kufika pansi ndi nkhope. Njinga yothamanga makilomita 40 pa ola, liwiro limene wakabaza amaliyesa kuyenda pang'onopang'ono, imadutsa mamita 11 pa sekondi imodzi, ndipo ndi liwiro lomwelo nkhope imakumana ndi mwala, nthambi ya mtengo, kapena waya waminga wa m'mphepete mwa munda. Wokwera kumbuyo naye amamenyetsa mphuno ndi mano pamutu pa woyendetsa. Ngakhale popanda kugwa, kamwala koponyedwa ndi tayala la lole yonyamula mchenga kapena njerwa n'kokwanira kuboola diso la munthu amene akuitsatira m'fumbi lake.

Mlengi adalikhazika diso m'kachipinda ka mafupa asanu ndi awiri, nalitchinjiriza ndi mphumi pamwamba ndi fupa la tsaya m'mbali, kotero kuti chibakera kapena mpira kawirikawiri zimathera pamafupawo. Koma pansi pa kachipindako ndi mbali yoyang'ana kumphuno fupa lake n'lopyapyala ngati chigoba cha dzira, ndipo likaswekera m'kati, mnofu woyendetsa diso umatha kupanikizika mumng'aluwo, munthu nayamba kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri, tsaya ndi mlomo wam'mwamba zitachita dzanzi, diso litalowa m'kati. Nthawi zina magazi amaunjikana kuseri kwa diso nafinya mtsempha wopenyera. Zikatero, dotolo akapanda kutsegula msanga kuti magaziwo apeze potulukira, kuona kumatha pa ola limodzi kapena awiri, ndipo mtsempha umenewo ukafa palibe mankhwala oudzutsa. Nsagwada ikathyoka, mano amamangidwa pamodzi ndi waya kwa milungu inayi kufikira isanu ndi umodzi, mwamuna wamphamvu nakhala wakumwa phala lamadzimadzi, osakwera njinga, ana ake akuyang'ana mphika wosatereka. Ndipo pali choopsa china chimene ambiri sachidziwa: diso lobooka likasiyidwa, nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, limayambitsa kutupa m'diso linzake limene silidavulale konse, patapita milungu kapena miyezi.

Wina adzati, kodi malamulo a pamsewu salamula kale kuti woyendetsa ndi wokwera avale helemeti? Amalamuladi, ndipo ofufuza amene adasonkhanitsa umboni wa m'maiko ambiri mu 2008 adapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala kwa mutu ndi magawo 69 pa 100, ndi imfa ndi magawo 42 pa 100. Koma taonani mahelemeti amene ali pamitu ya anyamata athu. Ambiri ndi otseguka kumaso, opanda chotchinga chibwano. Ena ndi zipewa za amisiri omanga nyumba, zimene zidapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba. Ena galasi lake lidakandika ndi fumbi kufikira mwini wake adalichotsa kuti aziona njira madzulo. Ndipo ochuluka lamba wake samangidwa, kotero kuti pakugwa helemeti imathawa mwini wake asanafike pansi. Helemeti yotere imakondweretsa wapolisi pamphambano, koma nkhope imaisiya pamtunda. Ndiponso mwambo wafala wakuti helemeti ndi ya patala, ndipo pofika pafumbi amaivula naipachika pachigongono chifukwa cha thukuta, pamalo enieni pamene kugwa kumachuluka. Alipo ena, a m'nyumba zabwino za mumzinda uno, amene amakwera njinga zamoto m'tchire posangalala pa Loweruka, ndipo iwo savomera kuyamba ulendo popanda helemeti yophimba chibwano ndi magalasi ochindikala. Pakutero amachita mwanzeru, ndipo sitiwadzudzula. Chimene chitiwawa mtima n'chakuti amene amayenda njira zomwezo tsiku ndi tsiku pofuna chakudya cha ana ndiwo amene amaziyenda nkhope ili poyera.

Komabe maso ambiri satayika panjira pomwepo. Amatayika kunyumba, m'manja mwa anthu achikondi. Pakuti munthu akabwera diso lili magazi, mayi amafinyiramo mkaka wa m'mawere, agogo amasinja masamba nadonthezeramo madzi ake, wina amathiramo shuga, wina amapita kugolosale kukagula mankhwala a maso osadziwika, wina wolimba mtima amazula kamtengo kamene kalasa, ndipo onsewo amachita izi ndi mtima wofuna kuchiritsa. M'zaka za m'ma 1990 Paul Courtright ndi Susan Lewallen, pofufuza m'zipatala za kumidzi m'chigawo cha kumwera, adapeza kuti mwa odwala atatu alionse a zilonda za pagalasi la diso, mmodzi adali atathiramo kale mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Sitinyoza asing'anga athu, pakuti amathandiza m'zambiri, ndipo malemu Pulofesa Moses Chirambo, dotolo wa maso woyamba mwa ana a dziko lino, amene adatisiya mu 2010, adali mmodzi mwa ofuna kugwira nawo ntchito m'malo mowathamangitsa. Koma diso lobooka ndi khomo lotseguka, ndipo chilichonse cholowa pamenepo chimalowa ndi tizirombo kufikira m'kati mwenimweni, kumene mafinya akayamba, dotolo amatsala ndi ntchito yolichotsa.

Tsono mverani, inu abale, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu akavulala m'diso, musalitikite, musalifinye, musathiremo kanthu, ndipo chimene chalasa musachizule. Dulani tsinde la kapu yapulasitiki yoyera, muvundikire padisopo kuti m'mphepete mwake mukhale pafupa, mumange mosathinitsa, wovulalayo asadye kapena kumwa chifukwa mwina adzafunika kugonekedwa tulo ku opaleshoni, ndipo mupite naye tsiku lomwelo, pakuti diso lobooka liyenera kusokedwa asanathe maola 24. Ngati nkhope yaphwanyika ndipo magazi akutsikira kukhosi, mgonekeni chammbali kuti apume, mukusamala khosi lake. Ife a mu Lilongwe tili ndi mwayi umene a kutali alibe: pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central, chimene chidatsegulidwa mu 1977, pali chipatala cha maso cha Lions Sight First ndi madotolo a mano ndi nsagwada, pomwepo padamangidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, ndipo ku Nkhoma kuli chipatala cha maso chodziwika m'dziko lonse. Ngakhale diso lioneke labwino kunja, munthu akayamba kuona ziphaliwali, timadontho touluka, kapena mdima wotsika mbali imodzi, apite msanga, chifukwa kansalu kopenyera ka m'kati mwa diso kamatha kumatuka patapita masiku.

Mawu otsala ndi anu, inu akuluakulu a mu Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43, pamodzi ndi inu eni njinga amene mumalandira ndalama madzulo alionse kwa mnyamata amene mudamupatsa njinga ya Lifo kapena King Lion kuti ayendetse. Mlonda amene amakutchinjirizani usiku, ndi mayi amene amalera ana anu, amafika pachipata chanu atakwera njinga zimenezi. Diso lawo likatayika, simudzangotaya wantchito, koma banja lonse lidzataya wolidyetsa, pakuti munthu wa diso limodzi amavutika kuyesa kutalika kwa chinthu chobwera, ndipo wakabaza wotere akabwerera panjira chifukwa cha njala, amakhala atasenza ngozi yachiwiri pamodzi ndi wokwera wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtengo wa helemeti yophimba chibwano, ya galasi loyera ndi lamba wolimba, ndi wochepa kwa inu poyerekeza ndi mafuta amene galimoto yanu imamwa pamwezi. Agulireni, ndipo galasi likakandika mugule lina. Mwini njinga asapereke kiyi popanda mahelemeti awiri otere. Mafumu a ku Chinsapo ndi ku Chigwirizano, amene mawu awo amamveka kumene apolisi safika, aitane atsogoleri a masiteji a kabaza nawauze kuti helemeti sivulidwa tala likatha. A ku Road Traffic asamangowerenga mitu yovala, koma aone chimene chavalidwa. Ndipo a Malawi Bureau of Standards, amene ntchito yawo ndi kuyesa katundu wolowa m'dziko, ayese mahelemeti amene adzaza m'masitolo a ku Old Town, kuti mnyamata amene wasunga ndalama zake mwezi wathunthu asagule chinthu chosweka pakugwa koyamba.