Mufuna kuvala ngati Luffy? Yambilani pa salaula

Imwe amene mugona mochedwa chifukwa cha anime pa foni, bando ikutha uku nkhondo ikali pakati, nkhani ya sabata ino ni yanu. Mwaona pa TikTok na pa Instagram anyamata na atsikana atavala ndendende ngati Naruto, Spider-Man olo asilikali aakazi a ku Wakanda, ndipo mumtima mwakamba kuti, "Naine nifuna, manje ndalama nizaichotsa kuti?" Ena mwafunsako na mtengo wa suti yoitanitsa kunja, mwaumva, mwatseka foni. Khalani pansi tikambe, chifukwa chovala chanu choyamba chingapezeke konkuno ku Ndola, pakati pa Kanini na msika wa Masala.

Chimene anzanu aja achita dzina lake ni cosplay: kuvala na kuchita zinthu monga munthu wa mufilimu, mukatuni, mukomiki olo mugemu. Liuli linabadwila ku Japan kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo amene analifalitsa ni mlembi Nobuyuki Takahashi. Koma mchitidwe wake ni wakale kupambana liulo. Mu 1939, pa msonkhano woyamba wa Worldcon ku New York, Forrest J Ackerman na Myrtle Douglas anafika atavala ngati anthu a mtsogolo, ndipo zovalazo anazipanga ni Myrtle mwini wake. Lelo ku Nagoya kuchitika World Cosplay Summit kuyambila 2003, Comic Con Africa inayamba ku South Africa mu 2018, ndipo kwathu kuno kuli Lusaka Comic Con. Koma gwilani mfundo ya Myrtle ija: zinayamba na manja a munthu, osati na sitolo.

Poyamba sankhani munthu amene mumukonda zoona, ndipo zovala zake zikhale zimene mungapeze. Apa ndiye ambili agwela. Munthu sanagwilepo nsingano olo kamodzi, ati afuna kuyamba na Iron Man wa magetsi pachifuwa. Pakapita masabata awili makatoni ali mbwee m'chipinda, ndalama yatha, amai akalipa. Iyayi. Onani Luffy wa mu One Piece ya Eiichiro Oda: chisote cha udzu cha lamba ofiila, kamalaya kofiila kopanda manja, kabudula wa jini na patapata. Vonse ivo muvipeza tsiku limodzi. L wa mu Death Note ni sikipa yoyela ya manja aatali, jini, tsitsi losapesa na maso ooneka ngati sagona. Wednesday Addams ni dilesi yakuda ya kolala yoyela na tsitsi loluka pawili. Mario ni ovolosi ya buluu, sikipa yofiila na kapusi. Ndipo ise a ku Kopala tili na mwai umene a ku Lusaka alibe kwenikweni: suti ya nchito ya olenji ili paliponse. Chotsani mizele yowala ija na chizindikilo cha kampani, sokelelani nsalu yakuda pamapewa, Naruto wayamba kale kuoneka.

Ngati mufuna wa kwathu, aliko. Supa Team 4, katuni imene inatuluka pa Netflix mu 2023, inapangidwa na Malenga Mulendema, mwana wa Zambia. Ikamba za atsikana anai a pasukulu mu Lusaka wa mtsogolo, amene Mama K awatenga kuti apulumutse dziko, ndipo nyimbo yake anaimba ni Sampa the Great, wobadwila muno mu Ndola. Ngati muli gulu la atsikana anai, mufunanso chani?

Mukasankha, ikani malile a ndalama musanachoke panyumba. Kaya ni K150, kaya ni K300, lembani papepala, ndipo ya lenti na ya unga isayandikile. Sungani pa foni zithunzi zitatu za munthu wanuyo: kutsogolo, kumbuyo na m'mbali. Ndiye pitani pa salaula, kaya ku Masala, kaya ku Chisokone ngati muli ku Kitwe. Tsiku lotsegula belo mupeza zabwino koma zodula. Mukadikila kuti mulu uchepe mtengo utsika, ndipo kwa imwe palibe vuto chifukwa chovalacho muzachidula na kuchisintha ndithu. Yang'anani mtundu na nsalu, saizi izakonzedwa. Makatani akale na mabedishiti apanga mikanjo yabwino maningi.

Chimene salaula yalephela, ba telala azamaliza. Jekete ya Tanjiro wa mu Demon Slayer, ya mabokosi obiliwila na akuda, telala aliyense wosoka chitenge angaikwanitse mukamuonetsa bwino. Musakambe chabe kuti "munisokele ya Tanjiro", kaili sakumudziwa. Aonetseni zithunzi, apime thupi lanu, mugwilizane mtengo na tsiku, mulipile hafu. Ndipo pitani msanga. Mu December ali na madilesi a maukwati na makicheni pate, mu January mayunifomu a sukulu, yanu izakhala pansi pa mulu.

Zida na zotetezela pachifuwa, akatswili apanga na EVA foam, imene ni yofanana na timateti tolumikiza tuja toseweletsapo ana olo mphasa yochitilapo maekisesaizi. Koma poyamba katoni ikwanila. Jambulani papepala, yesani pathupi, ndiye mudule. Lupanga likhale la makatoni atatu omatika pamodzi, kamtengo kopyapyala pakati kuti lisapindike. Guluu wa osoka nsapato agwila foam bwino: pakani mbali zonse ziwili, dikilani aume pang'ono, ndiye muphatikize. Fungo lake ni loipa m'chifuwa, choncho gwililani panja, kutali na mbaula. Musanapente pakani guluu woyela wa matabwa kawili kuti penti isamwedwe. Penti yopopela isungunula foam yoyela ija yobwela m'katoni ya TV, musaiyese. Ndipo ngati mudalila glue gun, kumbukilani kuti malaiti sapangana na munthu. Malizani kukali masiku, osati usiku wakuti mawa muvala.

Thupi lanu ni lodula kupambana chovala. Penti ya pachipupa, polishi ya nsapato na maka zisafike pankhope. Gulani penti ya pankhope yeniyeni olo seweletsani zodzola za masiku onse, ndipo yesani pang'ono padzanja dzulo lake. Tumagalasi tosintha mtundu wa maso musagule mwachisawawa, musabwelekane, ndipo musagone nato. Maso ofiila a Sharingan mungaike pa foni mukajambula, koma diso likaonongeka palibe salaula yake. Wigi na foam pa dzuwa la October ni ng'anjo, nyamulani madzi.

Pali nkhani ina imene ifunika kukambidwa poyela. Muzamva ena ati, "Naruto si wakuda." Asiyeni. Naruto ni chojambula, alibe NRC. Musadzole mafuta oyeletsa khungu, musapake ufa kumaso kuti muoneke mzungu olo m'Japan. Anthu azamuzindikila na chovala, tsitsi na kaimidwe. Wonenepa, woonda, wamfupi, wa madiledi, mtsikana wovala Luffy, vonse vololedwa.

Manje apa mvetselani bwino, chifukwa pangakugonetseni m'selo. Okonda Call of Duty, zovala zamawanga za asilikali na yunifomu ya apolisi si zoseweletsa. Lamulo la dziko lino liletsa munthu wamba kuvala zofanana na za asilikali, ndipo a Zambia Army achenjeza kambili. Wapolisi pa lodibuloko sazamva zakuti ni cosplay. Mfuti ya pulasitiki nayo ikhale m'chola mpaka mufike, ndipo ipenteni mtundu wowala kuti aliyense aone kuti ni chidole. Mpeni weniweni, chikwanje na unyolo wachitsulo zisiyeni kunyumba. Chigoba cha kumaso valani mukafika pamalo. Musalowe nacho mu banki, m'sitolo olo mu minibasi.

Chinanso, Gule Wamkulu na Makishi si cosplay. Zonse ziwili UNESCO inazilemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ndipo zili na eni ake, malamulo ake na nthawi yake, monga pa Kulamba ku Katete na pa Likumbi Lya Mize ku Zambezi. Kuzivala kuti mupeze ma like ni kunyoza makolo. Chitenge ndiye seweletsani mmene mufunila: Spider-Man wa chitenge aoneka bwino, ndipo palibe wina padziko ali naye.

Kunyumba nako konzani. Mukangotulukila m'chipinda na nyanga kumutu, maso akuda bii, ambuya azaitana abusa, aneba ayambe ya Satanism. Yambani mwa kuwaonetsa katuniyo, muwauze kuti ni sewelo monga dilama ya kusukulu olo ya kuchalichi. Chovala choyamba chikhale chosaopsa. Ngati amai ali na makina osokela, apempheni akuphunzitseni. Kholo limene lasokako kolala silizakamba kuti ni za mizimu. Ndipo luso limeneli silitayika: kusoka, kupenta nkhope, kukonza wigi na kujambula zithunzi ni nchito zimene anthu alipila pa maukwati na pa mabafude a ana.

Kovalila musadikile Lusaka. Sonkhanani anai olo asanu pa Chiwelu, mujambulane pa yadi ya mnzanu ku Kanini olo ku Kansenshi cha m'ma 16, dzuwa likafewa, foni iliyonse itulutsa bwino. Phunzilani maimidwe awili olo atatu a munthu wanu pagalasi, chifukwa Luffy woima ngati ali pa mzele wa mealie meal si Luffy. Pa malo a anthu monga Jacaranda Mall, Mukuba Mall olo pa Trade Fair ya mu July, funsani alonda musanayambe kujambula. M'chola musasowe mapini, nsingano, ulusi na selotepi, kaili chovala ching'ambika pamene anthu ayamba kuchemelela.

Ndipo imwe oonelela, makamaka anyamata: kuvala cosplay si chilolezo. Pemphani musanajambule munthu, musamugwile, musagwile chida chake chimene wapanga mwezi wathunthu. Akakana, wakana.

Ku komboni azaseka, icho nichosapeweka. Ena azakuitanani Goku olo mwavala Naruto. Ayankheni na kumwetulila, mupitilize ulendo. Sabata ino chitani chimodzi chabe: sankhani munthu wanu, sungani zithunzi zitatu, pa Chiwelu mukapete mulu wa salaula. Chikatha, tumizani chithunzi kuno ku tsamba lino, mutiuze kuti zonse pamodzi zinadya zingati.