Zimene magazi amachita munthu akafotokoza zakukhosi

Mu 1988 panatuluka zotsatira za kafukufuku wochitikira pa yunivesite ya Southern Methodist mumzinda wa Dallas ku America. Ophunzira 50 anapatsidwa pepala ndi cholembera, nauzidwa kuti azilemba mphindi 20 tsiku lililonse kwa masiku anayi. Ena analemba zinthu wamba zosakhudza mtima. Enawo anauzidwa kulemba za chinthu chowawitsitsa chimene chinawagwerapo pa moyo, makamaka chimene sanauzeko munthu. Onse anawatenga magazi asanayambe ndiponso atamaliza. James Pennebaker, katswiri wa za maganizo, pamodzi ndi Janice Kiecolt-Glaser ndi Ronald Glaser a ku yunivesite ya Ohio State, anapeza kuti asilikali a m'thupi a amene analemba zowawa aja ankachulukana mwamphamvu akawaputa m'labotale kuposa a anzawo. M'masabata otsatira, ophunzira omwewo sanapitepite kuchipatala cha pasukulupo.

Ndikawerenga zoterezi mtima wanga umathamangira ku Kadoma ndi ku Chegutu, matauni awiri a m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, amene ali pa msewu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Azigogo athu ankawadziwa kuti Gatooma ndi Hartley, ndipo maina atsopanowa anabwera mu 1982. Kumeneko ndiko kunathera ulendo wa amuna ambiri amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi, kuthawa msonkho ndi umphawi. Anatsika pansi kukakumba golide ku Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi ku Dalny ku Chakari. Ena anatola thonje m'mapulazi a azungu, ena analuka nsalu m'mafakitale a David Whitehead, dzina lomwe anthu a ku Blantyre akulidziwanso bwino. Ambiri sanabwerere. Kumudzi anawatcha matchona. Ana ndi zidzukulu zawo ali m'makomboni a migodi, ku Rimuka, ku Pfupajena, ndipo kukagwa maliro a munthu wolowa, ng'oma za Gule Wamkulu zimalirabe.

Anthu amenewa asenza zambiri. Pali amene anamva za imfa ya amayi awo pa kalata yofika patapita miyezi, manda sanawaone. Pali amene anabadwira ku Zimbabwe komweko koma chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 anapezeka opanda dziko lowatcha ake. Pali amene anatuluka m'mapulazi ndi mtolo pamutu pamene minda inkalandidwa kuyambira 2000, alibe mudzi wothawirako chifukwa mudzi wawo unali pulazi lomwelo. Mafakitale ansalu atafooka, enanso anangokhala. Nkhani zotere mwamuna wa Chichewa wa mbadwo umenewo safotokoza. Anaphunzitsidwa kulimba mtima, ndipo amene akanamumvetsa bwino ambiri anatsogola.

Kodi kusunga zinthu m'mtima kumafika bwanji m'magazi? Njira yake ikudziwika. Munthu akakhala ndi nkhawa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Pa ngozi ya kanthawi kochepa homoniyi imathandiza. Koma ikamatuluka mosalekeza kwa miyezi ndi zaka, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera, asilikali ena amafooka ndipo kutupa kwa m'kati sikutha. Mu 1991 Sheldon Cohen ndi anzake anadonthezera tizilombo ta chimfine m'mphuno za anthu 394 amene anadzipereka ku Salisbury wa ku England. Pakati pa amene anali ndi nkhawa zochepa, anadwala ndi pafupifupi 27 mwa anthu 100 alionse. Pakati pa olemedwa kwambiri ndi maganizo, anadwala ndi 47. Mu 1995 Kiecolt-Glaser uja anaona kuti kabala kakang'ono kankachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9 kwa amayi osamalira abale odwala matenda oiwalaiwala, poyerekeza ndi amayi anzawo a msinkhu womwewo. Agogo akamanena kuti uje wamudwalitsa ndi maganizo, sanali kutali ndi choonadi.

Tsono mbali ya kulemba. Ku Auckland ku New Zealand, Keith Petrie ndi anzake anabwereza njira ya Pennebaker mu 1995 ndi ophunzira za udokotala amene ankalandira katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Amene analemba zowawa za moyo wawo asanabayidwe anapezeka ndi chitetezo chochuluka pa matendawo patapita miyezi inayi ndiponso patapita miyezi isanu ndi umodzi. Mu 2004 Petrie yemweyo anayesa njirayi ndi anthu 37 okhala ndi kachilombo ka HIV, ndipo asilikali a CD4 anakwera mwa amene analemba zakukhosi, pamene mwa anzawo sanasinthe. Mu 1999 magazini ya zaumoyo ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa Joshua Smyth pa odwala mphumu ndi nyamakazi, ndipo ena mwa iwo anapepukidwa atalemba kwa masiku atatu okha.

Kafukufuku amene amandikhudza kwambiri ndi wa ku Miami wa 1994. Brian Esterling ndi anzake anagawa ophunzira: ena alembe zowawa zawo, ena azilankhule m'makina ojambula mawu. Magazi anaonetsa kuti magulu onse awiri anayamba kulamulira bwino kachilombo ka Epstein-Barr, kamene ambirife tili nako m'thupi mwakachetechete, ndipo olankhula aja ndiwo anapambana. Izi ndi zofunika kwa ife. Agogo ambiri a m'komboni sanapite patali ndi sukulu, maso ndi zala zatopa, koma pakamwa ali napo. Chimene chimagwira ntchito si inki ayi. Ndi kutenga chinthu chimene chimangozungulira m'mutu usiku wonse ndi kuchipatsa chiyambi, pakati ndi mathero, ntchito yomwe wonena nthano aliyense amaidziwa kuyambira pa padangotero.

Pano ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa nkhani ngati imeneyi ikagwera m'manja mwa ogulitsa zozizwitsa imapha anthu. Phindu lake ndi lenileni koma ndi lochepa. Mu 2006 Joanne Frattaroli anasonkhanitsa kafukufuku 146 wa mtundu umenewu, napeza kuti kufotokoza zakukhosi kumathandizadi, koma pang'ono, ndipo si kwa aliyense. Ena amayamba avutika kaye mtima akangotsegula bala lakale. Anthu 37 a ku Auckland aja ndi ochepa kwambiri kuti munthu amangirepo lamulo, ndipo kulemba sikunachotse kachilombo m'thupi mwawo. Wina akadzakuuzani kuti siyani ma ARV muzilemba ndakatulo, ameneyo ndi mdani wanu.

Za kuwerenga mabuku, umboni ndi wofooka kuposa pamenepa. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale anatsatira anthu 3,635 opitirira zaka 50 kwa zaka 12, ndipo mu 2016 ananena kuti owerenga mabuku anakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 23 kuposa osawerenga. Koma iwo sanayeze magazi, ndipo munthu wokhala ndi buku, nyale ndi nthawi yowerengera kawirikawiri amakhalanso ndi chakudya ndi chipatala pafupi. Ofufuzawo anayesa kuchotsapo za chuma ndi maphunziro, komabe kafukufuku wotere sangatsimikize kuti buku ndilo latalikitsa moyo.

Ndipo anthu a ku Chegutu safunika kuuzidwa chimene chimagonjetsa thupi. Mu December 2008 kolera anakantha tauniyi mwadzidzidzi, mkati mwa mliri umene unadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko lonse la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000. Mliri wina wa kolera unayambiranso ku Chegutu komweko mu February 2023. Chinayambitsa si chisoni. Ndi mapaipi a zimbudzi ophulika ndi mipopi youma. Achinyamata okumba golide m'maenje ozungulira Kadoma, amene kumeneko amawatcha makorokoza, akupuma fumbi la miyala lomwe limapha asilikali olondera mapapo, ndipo chifuwa chachikulu chimalowa mosavuta. Amenewa akufunika madzi abwino, zotchinga pamphuno, mankhwala ndi nsima yokwanira. Ndinganyansidwe kuona akuluakulu aboma akutenga kafukufuku wa mawu ngati chophimbira kulephera kwawo.

Komabe sindivomereza kuti nkhani ya mawuyi ndi ya anthu okhuta okha. Zimbabwe yomweyo yaonetsa dziko lonse kuti si choncho. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu Harare. Anaphunzitsa azigogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Mu 2016 JAMA inasindikiza zotsatira za anthu 573 a m'zipatala 24 za mumzindawo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa anzawo olandira chithandizo cha masiku onse anali theka. Kafukufukuyu anayeza maganizo, sanayeze chitetezo cha m'thupi. Koma aliyense wogwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV akudziwa kuti munthu wotaya mtima ndiye amayamba kudumphitsa mankhwala, ndipo akadumphitsa, asilikali amatsika. Njira yochokera pa benchi kukafika m'magazi ndi yaifupi. Friendship Bench yafika kale ku Malawi.

Chimene chimandiwawa ndi chiyankhulo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dzikolo. Pa pepala ndi ulemu waukulu. Koma m'nyumba zambiri za m'komboni mabuku a Chichewa amene mungawapeze ndi Buku Lopatulika ndi la nyimbo, mwa chisomo cha mipingo ngati CCAP Sinodi ya Harare. Zidzukulu zimayankha m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwa pamenepo, ndi kwawo. Koma nkhalamba imene inalira maliro a amayi ake m'Chichewa singafotokoze chisoni chimenecho mokwanira m'chiyankhulo chimene inaphunzirira pansi pa mgodi polandira malamulo a kapitawo. Samuel Josia Nthara analemba Nthondo mu 1933, nkhani ya mnyamata wochoka kwawo kukasaka ntchito kutali. Ndi buku la azigogo amenewa, ndipo ndikanakonda mdzukulu wina atawawerengera pakhonde madzulo. Sindikulonjeza kuti CD4 yawo ingakwere ndi masamba a buku. Ndikunena kuti munthu akamva nkhani yofanana ndi yake m'chiyankhulo chake, naye amatsegula pakamwa, ndipo kutsegula pakamwako ndiko kumene ofufuza anakuyeza.

Kafukufuku wa magazi amene ndatchula pano anachitikira ku Dallas, ku Miami, ku Auckland ndi ku England, makamaka pa ophunzira olemba m'Chingerezi, aliyense payekha m'kachipinda. Ife tili ndi njira zathu: kuchezera m'siwa, kukhuza maliro, nyimbo za pamtondo, nthano, kwaya ya Chigwirizano, zikiri ya abale athu Achiyao. Zonsezi ndi zochitira pagulu, mokweza mawu. Akatswiri a chiyankhulo a ku University of Malawi, madokotala a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi anzawo a ku University of Zimbabwe angathe kukhala pamodzi ndi kufunsa ngati njira zimenezi zimasintha kanthu m'thupi la munthu wokalamba, womwa ma ARV kapena wochira chifuwa chachikulu. Makina owerengera CD4 alipo kale m'zipatala zathu. Yankho likadzakhala lakuti sizisintha kanthu, tidzalilandira, ndipo tidzakhala titapulumutsa mbiri ya anthu amene anakumba chuma cha dziko la eni ndi mapapo awo.

Mbadwo umene unayenda ulendo wa ku Halale ukutha chaka ndi chaka. Inu amene muli ndi agogo, amalume kapena azakhali ku Rimuka, ku Chakari, ku Pfupajena kapena pa pulazi lina lililonse, aimbireni sabata ino. Mukatha kufunsa za mvula ndi za ndalama, afunseni mudzi umene anachokera, amene anawaperekeza, ndi chimene anasiya. Akayamba kulira musawadule, ndipo akakana musawakakamize. Akalola, jambulani mawu awo pa foni, ndipo musadule foniyo musanawafunse ngati akumwa mankhwala awo.