Kabokosi kamene kamafa kasanawonongeke

Sabata ino tiyeni tilingalire za katundu amene timagula ndi ndalama zathu koma moyo wake n'kukhala m'manja mwa munthu wina. Ndikunena za timabokosi tija timene ntchito yake ndi kutenga kanema kapena nyimbo zimene zili m'chipinda chimodzi n'kuzifikitsa m'zipinda zina za nyumba. Vuto limene timabokositi tinabwera kudzathetsa tonse timalidziwa: bambo akufuna mpira pabalaza, mayi akufuna nyimbo kukhitchini, mwana akufuna kanema wake kuchipinda, koma makina osunga zonsezi ndi amodzi.

Nkhaniyi inakula ku America. M'chaka cha 2002 kampani ya Microsoft inatulutsa pulogalamu yotchedwa Windows Media Center, imene inkasandutsa kompyuta kukhala nkhokwe ya m'nyumba: inkajambula mapulogalamu a pa wailesi ya kanema, inkasunga nyimbo ndi zithunzi. Mu 2004 kunabwera timabokosi totchedwa Media Center Extender. Kabokosi kotere sikankasunga kanthu. Munthu ankakaika pafupi ndi wailesi ya kanema ya kuchipinda, iko n'kumaonetsa zimene kompyuta ya pabalaza inkatumiza kudzera pa nthambo kapena pa Wi-Fi. Ngakhale mndandanda wosankhirapo umene unkaoneka pagalasi unkakonzedwa ndi kompyutayo. Xbox 360 itatuluka mu 2005 inali ndi luso lomweli, ndipo makampani monga Linksys, D-Link ndi HP anapanga timabokosi tawo.

Sipanapite nthawi yaitali. Mu 2009 Linksys inasiya kupanga timabokosi take ta DMA2100 ndi DMA2200, ndipo HP nayo inachoka pa msikawu. Xbox One ya 2013 sinatengere luso la mkulu wake. Windows 10 itatuluka mu 2015, Media Center munalibemo. Munthu amene anagula kabokosi kake mu 2008 akanatha kukapukuta fumbi tsiku lililonse, kukateteza ku mphenzi ndi ku manja a ana, koma akangosintha kompyuta n'kuika Windows yatsopano, kabokosiko kankasanduka chokongoletsera pashelefu. Getsi lake linkayakabe. Kanalibe woyankhula naye.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Wailesi yakale ya agogo inkafa ikapsa m'kati, ndipo m'misiri wa pamsika ankatha kuiukitsa. Timabokositi timafa mwa njira ina: wina wake, mu ofesi ya kutsidya la nyanja, amasaina pepala.

Taonani za Slingbox, imene inatuluka mu 2005. Inkatenga zimene dikoda ya pabalaza ikuonetsa n'kuzitumiza ku kompyuta kapena foni, kaya munthu ali kuchipinda kaya ali pa ulendo kudziko lina. Anthu anaikonda, moti kampani ya EchoStar inagula eni ake mu 2007 ndi madola 380 miliyoni. Koma kuti foni ipeze kabokosiko inkayenera kudzera pa makompyuta a kampani. Mu November 2020 kampaniyo inalengeza kuti yasiya malondawa, ndipo pa 9 November 2022 inazimitsa makompyutawo. Inachenjeza zaka ziwiri pasadakhale, zimenezo tiivomereze. Komabe munthu amene wauzidwa tsiku lotuluka m'nyumba, ngakhale auzidwe mwaulemu chotani, amazindikira kuti nthawi yonseyi anali pa lendi.

Za Sonos, kampani ya masipika oimba nyimbo m'zipinda zosiyanasiyana, zinandipweteka mtima koposa. Inali ndi dongosolo lotchedwa Recycle Mode: ukafuna kuchotseredwa 30 peresenti pa mtengo wa sipika yatsopano, unkavomera kuti yakaleyo itsekedwe kotheratu pakatha masiku 21, kuti isadzagwirenso ntchito kwa wina aliyense. Sipika yamoyo, yoimba bwino, imene ikanatha kupatsidwa kwa m'bale kapena kugulitsidwa kwa wosauka, inkaphedwa mwadala. Mu January 2020 kampaniyo italengezanso kuti zipangizo zake zakale zisiya kulandira mapulogalamu atsopano, ogula anakwiya kwambiri, mkulu wake Patrick Spence anapepesa, ndipo mu March chaka chomwecho Recycle Mode inathetsedwa. Ndikuyamika kubwezako. Koma dongosololi linakonzedwa ndi anthu ophunzira, linavomerezedwa, ndipo linagwira ntchito kwa miyezi ingapo asanachite nalo manyazi.

Ngakhale Google sinapulumuke. Chromecast, kachipangizo kakang'ono ka madola 35 kamene kanatuluka mu 2013, kanaleka kupangidwa mu 2024. Mu March 2025 Chromecast ya m'badwo wachiwiri ndi Chromecast Audio zinaleka kugwira ntchito kwa masiku angapo chifukwa chiphaso cha m'kati mwake, chimene chimatsimikizira foni kuti kachipangizoko n'kenikeni, chinatha nthawi yake. Kampaniyo inakonza vutolo. Funso langa ndi lakuti: ikanapanda kufuna, ndani akanaikakamiza?

Wina anganene kuti ndikulira maliro a chinthu chimene sichinafe. Akunena zoona pang'ono. Cholinga cha timabokositi chinakwaniritsidwa. Masiku ano wailesi zambiri za kanema zimalumikizika zokha ku intaneti, ndipo foni ya m'thumba imachita zimene kompyuta ya 2004 inkalephera. Kampani nayonso si bungwe lachifundo, singalipire akatswiri mpaka kalekale kuti azisamalira katundu amene sakubweretsanso phindu. Izi ndikuzimva. Chimene sindikuvomera ndi chakuti kampani ikatopa ndi katundu wake izichoka ndi makiyi omwe.

Pali umboni wakuti njira ina ilipo. Squeezebox, kabokosi ka nyimbo ka kampani ya Slim Devices, kanagulidwa ndi Logitech mu 2006 ndipo kanaleka kupangidwa mu 2012. Mu 2024 Logitech inatsekanso tsamba la pa intaneti limene linkatumikira timabokositi. Koma pulogalamu imene imayendetsa Squeezebox m'nyumba inali yotseguka, yoti aliyense wodziwa angaiwerenge ndi kuikonza. Anthu odzipereka anaitenga, anaipatsa dzina latsopano lakuti Lyrion Music Server, ndipo timabokosi takale tija tikuimbabe m'nyumba za eni ake. Ena amadzipangira tatsopano ndi kakompyuta kotchipa ka Raspberry Pi. Kusiyana kwa Squeezebox ndi Slingbox sikunali m'zitsulo zake. Ina inasiyira ogula makiyi, ina sinatero.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Ambiri mwa inu mumadziwa nthambo ija imene imachoka pa dikoda pabalaza, kuboola khoma, mpaka pa wailesi ya kanema ya kuchipinda. Ndi njira yosauka, chifukwa wa kuchipinda amaonera zimene wa pabalaza wasankha, ndipo mikangano ya rimoti sichedwa kubuka. Koma nthamboyo ilibe bwana ku California. Zimene zimandidetsa nkhawa ndi zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito zimene zimatipeza kuchokera kunja, zina zotumizidwa mwachikondi ndi abale a ku Johannesburg kapena London, zina zogulidwa pamsika chifukwa chooneka zonyezimira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabokosi kakhoza kuyaka bwino pamaso pa wogulitsa pamene kampani yake inakataya kalekale, ndipo wachinyamata amene wasunga ndalama za maganyu miyezi itatu ndiye adzazindikire zimenezi atafika kunyumba.

Choncho musanapereke ndalama, funsani zinthu zimene wogulitsa sangayambe yekha kukuuzani. Kodi kachipangizoka kangagwire ntchito intaneti palibe? Kodi kamafuna akaunti ya kampani kuti kayambe? Kodi pulogalamu ya pafoni yokayendetsera ikupezekabe? Kangawerenge nyimbo ndi kanema za pa fulashi kapena pa kompyuta ya m'nyumba mwanu momwemo? Ngati muli ndi foni ya intaneti, lembani dzina ndi nambala ya kabokosiko muli pamsika pomwepo, muone ngati eni ake sanalengeze kale tsiku lokazimitsa. Wogulitsa akakana kudikira mphindi zisanu zimenezo, bwezani ndalama m'thumba.