Tsiku Lokayenda Awiri ku Minda ya Mphesa

Masiku ano mabanja ambiri ali ndi mwana, mlongo kapena mkamwini ku South Africa. Ana amenewa zikawayendera bwino amaitana makolo awo kuti akaone kumene akukhala, ndipo amene ali ku Cape Town sakhutira kufikira atawatengera alendo awo ku minda ya mphesa kumene amapangira vinyo. Mayi wina wa Chigwirizano wa ku Dedza wandilembera kalata pa nkhani yomweyi. Mwana wawo wawakonzera iwo pamodzi ndi amuna awo tsiku lathunthu lokaona minda ya mphesa, malo ofululira mowa ndiponso nyumba yodyera yotchuka. Mayiwo sadalawepo mowa chibadwire, koma amuna awo amamwa. Tsono akufunsa kuti: "Kodi ndipite nawo, kapena nditsale pakhomo kuopa kukachita manyazi?"

Yankho langa ndi lakuti pitani, mayi. Ulendo umene mwana wakonzera makolo ake awiri suyenera kusanduka ulendo wa munthu mmodzi. Koma dziwani kuti tsiku lotere limakoma kapena kuipa molingana ndi zimene awiriwo adapangana asanatuluke m'nyumba. Zofunika kupangana zilipo zitatu: malo okaona, kamwedwe, ndi ndalama.

Poyamba tidziwe malowo. Minda yambiri ya mphesa ili kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, m'zigwa za pakati pa mapiri. Tauni ya Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzindawo, ndipo ina yotchedwa Franschhoek ili patsogolo pake, ulendo wa theka la ola pagalimoto. Vinyo woyamba wa dera limeneli adapangidwa m'chaka cha 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Simon van der Stel, amene adalamulira dera la Cape pambuyo pake, ndiye adakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndipo munda wake wa Groot Constantia, umene adautsegula mu 1685, ukutulutsabe vinyo mpaka lero. Mu 1688 kudafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo kwawo, napatsidwa malo m'chigwa chija chimene dzina lake, Franschhoek, limatanthauza ngodya ya Afalansa.

Nyengo ya kumeneko njosiyana ndi yathu. Mvula yambiri imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene m'mwezi wa Disembala ndi Januwale kumakhala dzuwa lamphamvu. Mphesa amakolola kuyambira Januwale mpaka Malichi. Motero mukamapita m'miyezi yotentha tengani chipewa kapena ambulera ndi botolo la madzi akumwa, ndipo valani nsapato zafulati pakuti mudzayenda pa miyala ndi pa udzu. M'miyezi yozizira musaiwale juzi.

Pa nkhani ya malo okaona, chimene chimawaononga alendo ambiri ndi dyera lofuna kuona zonse tsiku limodzi. Minda ya vinyo ilipo mazanamazana, ndipo amene athamangira minda isanu amabwerako atatopa, osakumbukira ngakhale umodzi. Minda iwiri, malo amodzi ofululira mowa ndi chakudya chimodzi chabwino, zimenezi zadzaza tsiku. Ndipo posankha, aliyense wa awirinu atchule malo amodzi a kumtima kwake. Bambo akasankha munda wa vinyo, mayi nayenso asankhe chake. Kwa mayi wa Chigwirizano, mu Stellenbosch muli chinthu chimene sayenera kubwerako osachiona. Mu msewu wa Dorp Street muli sukulu ya ubusa ya mpingo wa Dutch Reformed, imene idatsegulidwa mu 1859. Pamenepo ndi pamene adaphunzira mbusa A.C. Murray, amene pamodzi ndi T.C.B. Vlok adayambitsa mishoni ya Mvera mu 1889, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma. Kuyenda pang'onopang'ono mumthunzi wa mitengo ikuluikulu ya mumsewu umenewo sikulira ndalama. Bambo amene waperekezedwa kukalawa vinyo sangakane kuperekeza mkazi wake kumeneko.

Tsono tifike pa kamwedwe, pamene pagona mantha a mnzathuyu. Ku minda imeneyi anthu amapita kukalawa. Mlendo amalipira kangachepe, nakhala pa tebulo, ndipo amamuthirira vinyo wa mitundu inayi kapena isanu, uliwonse pang'ono chabe pansi pa tambula, kwinaku akumufotokozera mtundu wa mphesa ndi zaka zimene vinyoyo wakhala mumgolo. Pa tebulo pamakhala chotengera cholavuliramo, ndipo akatswiri enieni a vinyo amalawa nkulavula. Wosamwa samukakamiza kapena kumuseka. Minda yambiri imagulitsanso madzi a mphesa osasasa, tiyi, buledi ndi tchizi, kotero kuti mayi atha kukhala pambali pa amuna awo ndi tambula yawoyawo, osaphwanya chikhulupiriro chawo. Mawu akuti "zikomo, ine sindimwa" ngokwanira.

Komabe mkazi wanzeru adziwe chinthu ichi ndipo awauze amuna ake mwaulemu usiku woti mawa anyamuka: vinyo ngwaukali kuposa mowa umene abambo athu adazolowera. Mowa wa m'mabotolo umakhala ndi ukali wa magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse, pamene vinyo amakhala ndi magawo 12 mpaka 14. Botolo limodzi la vinyo, la mamililita 750, likufanana ndi mabotolo ang'onoang'ono a mowa pafupifupi asanu ndi limodzi. Zolawa zisanu pa munda uno, zisanu pa munda winawo, padzuwa, m'mimba mulibe kanthu, zimamugwetsa munthu asanazindikire. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake idyani chakudya cham'mawa chokhutitsa, ndipo bambo azimwa madzi pakati pa zolawazo.

Mupanganenso za woyendetsa galimoto. Lamulo la South Africa sililola munthu kuyendetsa galimoto ngati m'magazi mwake muli mowa wofika magalamu 0.05 pa mamililita 100, ndipo matambula awiri a vinyo atha kumufikitsa munthu pamenepo. Ngati mwana wanu ndiye akuyendetsa, iyeyo asalawe. Ku Franschhoek kuli njira ina yabwino. Kuyambira mu 2012 kuli kasitima kotchedwa Wine Tram, kamene pamodzi ndi mabasi ake kamanyamula alendo kuchoka pa munda wina kupita pa wina. Mumagula tikiti ya tsiku lonse, mumatsika pamene mwafuna, ndipo nkhawa ya pamsewu imachepa.

Ku malo ofululira mowa ndi kumene ife amayi sitikhala alendo kwenikweni. Amene adaphikapo thobwa amadziwa kunyika mapira kapena mawere, kuwameretsa, kuwayanika ndi kuwasinja kuti apeze chimera. Kumeneko ntchito njomweyo, kungoti chimera chawo nchabalere. Amachigaya, amachiviika m'madzi otentha kuti chitulutse kutsekemera, amatcheza madziwo nkuwawiritsa pamodzi ndi maluwa a chomera chotchedwa hops amene amapereka kuwawa ndi fungo, kenaka amathira yisiti kuti zisase m'mathanki aakulu achitsulo. Fakitale ya mowa yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito m'dzikomo ili ku Newlands mumzinda wa Cape Town, ndipo mbiri yake imayambira mu 1820. M'matauni a mphesa muja mulinso timafakitale ting'onoting'ono tambiri timene timaonetsa alendo mathanki awo. Funsani mafunso, mayi, pakuti pa nkhani ya chimera mungapezeke kuti mukudziwa zambiri kuposa amuna anu. Chofunika nchakuti malo amenewa akhale otsiriza, mutadya kale, kuti mowa usakomane ndi vinyo m'mimba yopanda kanthu.

Kunena za chakudya, nyumba zodyera za ku Stellenbosch ndi Franschhoek zimadzaza kwambiri Loweruka ndi Lamulungu, makamaka pa nyengo ya Khirisimasi. Imbani telefoni masiku angapo ulendo usanafike kuti akusungireni tebulo. Popanda kutero mudzaima pakhomo ndi njala, ndipo tonse tikudziwa kuti mikangano yambiri ya m'banja imayamba ndi njala ndi kutopa. Mukakhala pansi adzakupatsani mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake. Werengani modekha, ndipo chimene simukuchidziwa funsani, pakuti safunsa adadya phula. Yesani zakudya za eni dera: bobotie, imene ndi nyama yogaya yothira zonunkhiritsa, yophimbidwa ndi mazira ndi mkaka, yodyera mpunga wachikasu, kapena nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa snoek. Ngati chakudya chachedwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, musakalipire woperekera. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba zimenezi ndi ochokera ku Zimbabwe, ku Malawi ndi maiko ena, ndipo mutha kudabwa mmodzi wa iwo atakupatsani moni m'Chichewa. Mwambo wa kumeneko ngwakuti pa mtengo wa chakudya muonjezerepo magawo 10 pa 100 alionse ngati chithokozo cha wokuperekerani. Ana amenewa amadalira ndalama zimenezo, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Apa tafika pa ndalama. Muwerengeretu zonse: mayendedwe, kulawa, chakudya, chithokozo chija, ndi mphatso imodzi yopita nayo kumudzi. Ngakhale mwana wanena kuti alipira zonse, kumbukirani kuti marandi akewo adawakhetsera thukuta, ndipo ali ndi lendi ndi fizi zomudikira. Pa munda uliwonse pali sitolo yokopa maso, ndipo bambo amene walawa kasanu dzanja lake limafulumira kupita m'thumba. Ndi bwino kuti ndalama za tsikulo zisungidwe ndi amene sakumwa, mutagwirizana kale kunyumba. Pakafunika kukumbutsana, kumbutsanani monong'ona. Mawu akuti "Bambo, nthawi yatha, tiyeni tikadye" amagwira ntchito kuposa kudzudzula mwamuna pamaso pa mwana wake ndi alendo.

Sindingamalize osatchula mbali ina ya minda yokongolayi. Amene adaibzala ndi kuipalira m'zaka zoyambirira adali akapolo, ena a iwo ochokera ku Mozambique ndi ku Madagascar, kufikira ukapolo utathetsedwa kumeneko mu 1834. Pambuyo pake eni minda ambiri adapitiriza chizolowezi cholipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo. Lamulo lidaletsa zimenezi mu 1960, koma m'minda ina zidapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Chipsera chake chikuonekabe, pakuti dera limeneli ndi limodzi mwa madera a dziko lapansi kumene kumabadwa ana ambiri ovulala ubongo chifukwa chakuti amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Motero ngati mpongozi kapena mwana wanu wamkazi ali ndi pakati ndipo wapita nanu, asalawe ngakhale dontho. Ndipo mukakomana ndi amayi othyola mphesa m'mizere, apatseni moni waulemu monga alimi anzanu.

Ambiri a ife tidakula tikuona abambo akudya paokha, amayi paokha, ndipo zaka zimatha mwamuna ndi mkazi osakhalapo pa tebulo limodzi popanda ana kapena alendo. Tsiku ngati limeneli ndi mwayi wakuti muyang'anane ndi kucheza mosathamanga, mafoni ali m'chikwama. Pitani mutapangana, mubwerere dzuwa lisanalowe, ndipo mukafika kunyumba mumthokoze mwanayo nonse awiri.

Amene muli ndi mafunso pa za maulendo kapena za m'banja, pitirizani kulemba makalata ku tsamba lino.