ZA MADZULO PA KOMBONI: Mudzi wa pa Chitseko

 Sabata ino ndiri ndi nkhani imene ena a inu mudzati ndi ya ana. Ndikupemphani muyambe mwawerenga kufikira kumapeto, ndipo pambuyo pake muweruze.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Masembura, dziko la miyala ikuluikulu liri kummwera kwa Bindura, kukaona mkulu wina wa ku Dedza amene anandiitana kalekale. Mkuluyu anadza kuno ali mnyamata, masiku a Chitaganya chija chinatha mu 1963. Anayamba ndi fodya pa mafamu, nalowa pansi pa mgodi, nagwira nchito yolayisha ndi yoboola mwala kufikira mphamvu zinamthera. Mkazi wake ndi wa konkuno, ndipo nyakwawa ya kumeneko, imene anzathu a Chishona amati sabhuku, inampatsa malo omangapo. Ku Dedza sanapondeko zaka zoposa 40. Kwathu munthu wotere timamutcha mtchona, ndipo iye dzinalo salikana.

Titalonjerana ndi kumwa mahewu, ananditengera pa khonde la kuseri, navundukula chiguduli. Pansi pake panali chitseko chakale chogonekedwa pa miyendo inayi, ndipo pa chitsekopo panali mudzi. Inde, mudzi wathunthu. Nyumba zozungulira zisanu ndi ziwiri, zomata ndi dothi la pachulu ndi kufolera ndi udzu wa tsache; nkhokwe zitatu zolukidwa ndi tinsungwi tong'alula; khola la mbuzi la m'mwamba ndi makwerero ake; mtondo ndi minsi iwiri; bwalo pansi pa mtengo wa kachere; ndi kanjira kotsikira ku chitsime. Anthu ake anali a dothi lootcha, aliyense wamng'ono ngati chala chachikulu, ena akusinja, ena akusema mpini, wina atagona pa mphasa.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndipo ndinati, “Bambo, zonsezi mwaumbiranji?”

Iye anatola kapesi nayamba kuloza. “Iyi ndi kuka, nyumba ya agogo anga. Iyi ya amayi. Iyi ya atsibweni, ndiwo anali mwini mbumba, ndiwo anandipatsa ndalama ya ulendo. Iyi ya kumapetoku ndi ya mkamwini wina waulesi, sindimtchula. Apa ndi pa mphala pamene tinkagona anyamata.” Tsono anatsitsa mawu nati, “Mwana wanga, mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku sukulu akulira. Anzake anamfunsa kuti kwanu nkuti, iye nati ku komboni, ndipo anamseka. Ndinayesa kumfotokozera ndi pakamwa, koma Chinyanja amamva pang'ono, ine anditcha sekuru. Chithunzi cha kwathu ndiribe nchimodzi chomwe. Ndiye ndinati ndimange.”

Abale, funso limeneli lafika m'nyumba zambiri za ife. Nyumba ya pamgodi si yako. Mgodi ukatsekedwa, monga zinachitika ku Kamativi mu 1994 ndi ku Mhangura mu 2000, mwana wobadwira pa komboni asowa poloza. Nayonso nkhani ya mapepala inavuta zaka zambiri. Lamulo la mu 2001 linasiya ana ambiri a makolo a ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia osawerengedwa mbadwa za muno, zitupa zawo zitalembedwa kuti ALIEN. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zimenezo: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali la dziko lina la SADC, ndipo iye anali kukhala muno pa nthawiyo, ndi mbadwa. Amene simunasinthitse chitupa chanu musazengereze. Komatu pa chitupa salembapo kuti atsibweni ndani, kapena kuti mwana wa Mchewa amawerengera kwawo kuchikazi. Mnyamata uja tsopano adziwa zimenezi, pakuti nyumba iriyonse ya pa chitseko aitchula mwini wake osaphonya.

Tiri chikambire, mwini nkhaniyo anatulukira, mnyamata wa zaka ngati 9, m'manja atagwira chidole cha pulasitiki chofiira ndi chobiriwira ngati thambo, cha m'masitolo a ku Bindura. Ndi uja amamutcha Spider-Man, munthu wokwera makoma ngati kangaude, amene nthano yake inayamba ku America mu 1962. Mkuluyo anaseka nandiuza kuti tsiku lina m'mawa anapeza chidolecho chitaimikidwa pakati pa bwalo, mutu wake utapitirira denga la kuka, chimodzimodzi chiwanda chadza kudzadya mudzi. Anakalipa ndithu. Koma ataganiza usiku anaona kuti mwanayo sanalakwe, anangobwera ndi mlendo wake kwawo. Chotero anakatola mwala wa m'phiri la pomwepo, nauika kumapeto kwa chitseko, kutsidya kwa chitsime, naboolapo kadzenje, naimikapo waya wogwira chidolecho m'chiuno. Lero Spider-Man ali pa phiri lake, ayang'anira mudzi wa ku Dedza, ndipo mlandu unatha.

Musaganize kuti masewera amenewa ndi a ku Masembura kokha. Ku maiko a kutsidya kwa nyanja kuli amuna a ndevu zawo amene amasonkhanitsa zidole zotere, nazimangira timisewu, tinyumba ndi timapiri, naziika m'makabati a galasi. Kamalo kotero amakatcha diorama, dzina lochokera ku chionetsero cha zithunzi zazikulu chimene Louis Daguerre anatsegula ku Paris mu 1822. Zidole za amuna zopinda manja ndi miyendo zinatchuka mu 1964, pamene kampani ya Hasbro inatulutsa msilikali wotchedwa G.I. Joe, wotalika pafupifupi mainchi 12. Mu 1978 kampani ya Kenner inagulitsa zidole za kanema wa Star Wars zosakwana mainchi 4, ndipo msinkhu umenewo unawanda. Zina zakale, zikakhala zosatsegula m'bokosi mwake, amagulitsana ndalama zambiri. Kwa ine chidole chotsekeredwa m'bokosi moyo wake wonse chiri ngati njinga yopachika ku denga, koma zimenezo nzawo.

Chimene tingaphunzire kwa anthu amenewa ndi muyeso, pakuti ndi pamene pagona luso lonse. Yambani ndi munthu, ndipo zina zonse zitsate iye. Chidole cha mainchi 12 chiimira munthu wa mafiti 6, ndiye kuti chinthu chirichonse muchichepetse ka 6. Koma mukatero nyumba imodzi yokha idzadzaza tebulo lonse, ndipo mkazi wanu adzakufunsani podyera. Kwa ife a nyumba zazing'ono, bwino kutenga chidole cha mainchi 4, chimene chichepetsa zinthu ka 18. Lamulo lake nlosavuta kukumbukira: mafiti 3 alionse a chinthu chenicheni akhale mainchi 2. Khomo la mafiti 6 likhala mainchi 4. Nyumba ya mafiti 12 m'mimba mwake ikhala mainchi 8. Mtondo wa mafiti 2 upitirira inchi imodzi pang'ono. Thabwa la mafiti 3 m'litali ndi mafiti 2 m'lifupi likwana banja limodzi, nyumba, nkhokwe ndi khola. Wofuna mudzi wonse achite monga mkulu wa ku Masembura, aumbe anthu ake ang'onoang'ono, koma onse akhale a muyeso umodzi. Nkhuku yolingana ndi mbuzi iononga nchito ya mwezi wathunthu.

Dothi labwino ndi la pachulu, losefa ndi kusakaniza ndi mchenga pang'ono kuti lisang'ambike. Liume pa mthunzi, pakuti dzuwa liumitsa kunja m'kati muli mwamadzi. Anthu ndi ziweto, atauma ndithu, muwaotche pa moto wa ndowe zouma kapena makungwa, monga amayi aotchera mbiya. Dothi lisanaume, boolani kunsi kwa munthu aliyense ndi kamtengo ka machesi; pa thabwa khomani msomali waung'ono, mudule mutu wake, ndi kumvekapo munthuyo. Akatero sagwa mwana akagunda, ndiponso mukhoza kumchotsa ndi kumuika pena. Zidole zambiri za m'sitolo ziri kale ndi kabowo ku chidendene, kopangidwira zomwezo. Chimene chiribe, chigwireni ndi waya m'chiuno.

Mitengo musavutike kuisema. Zulani kachitsamba kouma, mutembenuze mizu yake iyang'ane kumwamba, ndipo mudzaona kachere weniweni ndi nthambi zake. Masamba ake ndi utuchi woviika mu penti wobiriwira. Pansi pakani guluu wa akalipentala ndi kuwazapo dothi losefa. Madzi a pa chitsime ndi kachidutswa ka galasi kopaka penti kunsi. Ena amamata ndi phala la chinangwa, koma ine sindiyamikira, chifukwa liitana mphemvu ndi makoswe. Ndipo kumbukirani chiswe. Mkulu uja mudzi wake woyamba unadyedwa m'dzinja limodzi, chifukwa anaugoneka pansi; wa tsopanowu miyendo yake yaima m'zitini za oyilo wakutha. Zidole za pulasitiki zisakhale pa dzuwa, zimasuluka ndi kuuma.

Pano ndiime pang'ono, ndinene mawu olimba. Waya wa kampani si wanu, ngakhale muupeze utatayika. Munthu wopezeka pa geti ndi waya wa kopa m'thumba sadzamveredwa akanena kuti amati amange khola la mbuzi za dothi. Nchito idzatha ndipo apolisi adzabwera. Makamaka chinthu chirichonse cha kophulitsira miyala, kapena chioneke chokongola ndi chopanda nchito, musachikhudze, musapite nacho kumene kuli ana. Waya wa mpanda wakale, mabokosi, zitini ndi zidutswa za matabwa kwa akalipentala, zimenezi zikwanira.

Kwa iwo akuti mwamuna wa pamgodi sayenera kuseweretsa dothi, ndiwauze za anzathu a ku Germany. Kumeneko kuli mapiri otchedwa Erzgebirge, kumene siliva anapezeka pafupi ndi Freiberg mu 1168, ndipo anthu anakumba zaka mazanamazana. Madzulo aatali a nyengo yozizira amuna a m'migodi ankasema tianthu tamtengo tovala za kunchito, namanga migodi ing'onoing'ono, ina m'kati mwa mabotolo, ina m'mabokosi okhala ndi chopukusira. Ukapukusa, tianthu timenya mwala ndi nyundo, ndowa nikwera kutuluka m'dzenje. Munthu amene anapweteka pansi, osathanso kugwira nchito, ankabereka bokosi lotero pamsana nayenda nalo m'misika, anthu namponyera makobiri kuti aone za pansi pa dziko. Dzina lake Buckelbergwerk, ndiko kunena mgodi wa pamsana. Pa mudzi wa Seiffen, migodi ya tini itatha cha m'ma 1849, anthu anadya za zidole zamtengo, ndipo kufikira lero mudziwo udziwika ndi zimenezo. Ndifunsa tsono: mwa ife, ndani adzamanga mgodi wathu, ndi keji yake, ndi ngolovani pa njanji, kuti mkazi ndi ana aone kumene bambo apita m'mawa uliwonse? Ambiri a iwo sanaonepo pansi, ndipo sadzaonako.

Chinthu chimodzi mkulu wa ku Masembura sanaumbe. Kuseri kwa mudzi wake kuli kankhalango ka mitengo yothithikana, m'kati mwake mulibe kanthu. Nditaloza, anangoti, “Uko ndi kumanda,” nakhala chete, ndipo ndinamva. Pa bwalo anaika ng'oma ndi amayi oomba m'manja, koma gule sanamuike. Ndidziwa kuti ku Mua, m'boma la Dedza lomwelo, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli nyumba yoonetsera za Gule Wamkulu, ndiponso kuti bungwe la UNESCO linalemekeza guleyu mu 2005. Koma pa khonde la munthu pamadutsa ana ndi alendo osadziwa mwambo. Ndiganiza mkuluyo anachita bwino, ndipo wofuna kuumba zimenezi ayambe wafunsa akuluakulu a mwambo a pa komboni pake.

Potsazikana anandipempha chinthu, ndipo ndichipereka kwa inu. Afuna kuimika thabwa kumbuyo kwa mudzi wake ndi kujambulapo phiri la Dedza, koma akuti maonekedwe ake ayamba kumsokonekera m'mutu. Sakumbukira bwino mbali imene litsetsereka. Tsono inu amene mudzapita kumudzi pa Khirisimasi, mukadutsa Nyamapanda ndi Tete ndi kulowera pa chipata cha Dedza, tajambulani phirilo ndi foni, makamaka monga lionekera kuchokera cha ku Linthipe, pakuti kwawo ndi mbali imeneyo. Tumizani chithunzicho kwa Mkonzi, ndipo ine ndidzapita nacho ndekha ku Masembura. Mkuluyo maso ake ayamba kuchita mdima, chotero musachedwe nacho.

Tsalani bwino, tidzaonana sabata yamawa.