Pukutani fumbi, koma mfuti za Leone zisiyeni

Filimu ya The Good, the Bad and the Ugly, imene Sergio Leone anatulutsa ku Italy mu 1966, munthu amaizindikira ndi khutu asanaone n'komwe nkhope ya Clint Eastwood. Wopeka nyimbo zake, Ennio Morricone, anatsanzira kulira kwa coyote, nkhandwe ya ku America, n'kupanga kanyimbo kamodzi kamene anagawira amuna atatu a m'filimuyi: chitoliro kwa Blondie, ocarina kwa Angel Eyes, ndi mawu a anthu okuwa kwa Tuco. Chimbale choyamba cha nyimbo za filimuyi chinali ndi nyimbo 11 zokha, koma chitakonzedwanso mu 2004 chinatuluka ndi 21. Ntchito yotereyi ndiiombera m'manja. Kubwerera ku tepi yoyambirira, kuchotsa kuthetheka ndi kuwongola liwiro pamene linasokonekera n'kumene kumachititsa kuti mawu a Edda Dell'Orso mu The Ecstasy of Gold amveke akukwera pamwamba pa malipenga osamira. Ngakhale apa pamafunika dzanja lopepuka, pakuti makina ochotsa kasokosa ka tepi akawakankha kwambiri amadyanso mpweya wa woimba.

Chimene ndikukana ndi chimene kampani ya MGM inachitira filimu yeniyeniyo mu 2003. Anabwezeramo zigawo zimene zinadulidwa, n'kuitana Eastwood ndi Eli Wallach kuti azilankhulire, pamene Wallach anali ndi zaka zoposa 80, ndipo ukalamba ukumveka pakhosi pake. Choipirapo, pofuna kuti mawu azungulire masipika a 5.1, anasintha kulira kwa mfuti n'kuikamo kwina kwatsopano. Koma kwa Leone mfuti ndi chida choimbira. Pa manda a Sad Hill, amuna atatu aja amangoyang'anizana kwa mphindi zingapo lipenga likukwera, ndipo chimene chimamasula mfundo yonseyo ndi kuphulika kwa chipolopolo. Wosintha kuphulikako wasintha mathero a nyimbo ya Morricone.

Ena amati palibe chenicheni chimene chinaonongeka, poti mafilimu a ku Italy a nthawi imeneyo ankajambulidwa kaye, mawu n'kudzaikidwamo pambuyo mu situdiyo. N'zoona, koma mfundoyi ili kumbali yanga. Ngati phokoso lililonse linaikidwa ndi manja, ndiye kuti kulira kwa mfuti iliyonse, mphepo ndi ziboda za akavalo, zonse anachita kusankha. Palibe chinalowamo mwangozi choti m'badwo wina udzachikonze.

Mfundo yolemerako ndi yakuti achinyamata ozolowera mawu ochokera mbali zonse sangapirire mono, mawu akale ochokera mbali imodzi, ndipo filimu yopanda oonera yafa. Sindikutsutsa kuti pakhale 5.1, wogula masipika asanu ndi limodzi ali ndi ufulu wowamva onse akulira. Cholakwika n'kuika chatsopano m'malo mwa chakale, n'kumachitcha kubwezeretsa. Kwa zaka zambiri okonda filimuyi ankadandaula kuti mawu oyambirira sakupezeka bwino pa zimbale zatsopano, ndipo kampani ya Kino Lorber itaitulutsanso mu 4K mu 2021 inaikamo mono yakaleyo. Chimbale chimodzi chimanyamula mitundu iwiri ya mawu popanda vuto, motero wogulitsa amene wasiya yoyambirira alibe podzikhululukira.